Mafunso ndi mayankho: kupeza zowerenga za Chemistry mulaibulale ya pa yunivesite

Chitsegulire yunivesite ya MUST ku Ndata mu 2014, boma la Thyolo lili ndi achinyamata ambiri amene akulimbana ndi Chemistry tsiku ndi tsiku: ena akuphunzira Chemical Engineering, ena za miyala ndi migodi, ena zachipatala, ena za madzi ndi chilengedwe. Palinso ogwira ntchito m'malabotale a mafakitale a tiyi kuno ndi ku Mulanje, aphunzitsi a sayansi a m'masekondale, ndi ana athu a m'mayunivesite ena amene amabwera kumudzi pa tchuthi pulojekiti ili m'chikwama. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu oterewa amabwera nawo pa kauntala ya laibulale, ndipo ndawayankha monga ndimachitira munthu akakhala nane pafupi pa kompyuta. Zambiri zimene mukusowa zilipo, ndipo zochuluka n'zaulere. Chimene chimavuta ndi kudziwa kuti funso lanu lipite kuti.

Ndapatsidwa mutu wa pulojekiti koma sindikudziwa poyambira. Ndichite chiyani?

Musathamangire kulemba mutu wonsewo mu Google. Tengani kaye pepala mulembe chimene mukusowa, chifukwa mu Chemistry funso lililonse lili ndi kwawo. Ngati phunziro silinakuloweni, tinene mmene buffer imagwirira ntchito, mukufunika buku la m'kalasi. Ngati mukufuna nambala, monga kutentha kumene ethanol imawirira, pitani ku handbook kapena ku database. Ngati mukufuna kudziwa zimene ena anapeza kale pa mutu wanu, apo ndiye mufunika magazini a kafukufuku, ma journal aja. Za chitetezo mulabu ndi za malamulo zili ndi zikalata zakezake.

Ambiri amene amafika pa kauntala atatopa ndi amene atha masiku akusaka nambala imodzi m'mapepala a kafukufuku, pomwe nambalayo ili m'buku la pa shelefu kumbuyo kwawo.

Pa mutu wachilendo, yambani ndi pepala la mtundu wa review. Olemba ake amakhala atawerenga mapepala mazanamazana n'kuwasanja bwino, ndiye mndandanda wa kumapeto kwake umakulondolerani kwina konse. Chemical Reviews ndi Chemical Society Reviews ndi magazini odziwika pa ntchito imeneyi, koma ngakhale kungowonjezera mawu oti review pa zimene mwalemba mu Google Scholar kumathandiza.

Mabuku a Chemistry ali pati pa mashelefu?

Zimatengera njira imene laibulale imasanjira mabuku. Ngati pamsana pa mabuku pali manambala okha, ndi njira ya Dewey: Chemistry ili pa 540, physical pa 541, analytical pa 543, inorganic pa 546, organic pa 547, ndipo Chemical Engineering ili patali pang'ono, pa 660. Ngati pali zilembo, ndi njira ya Library of Congress: QD ndi Chemistry, TP ndi Chemistry ya m'mafakitale, TN ndi migodi ndi zitsulo. Mukapeza buku limodzi lokuthandizani, yang'ananinso oyandikana nalo, chifukwa amakamba nkhani imodzi.

Musadumphe gawo la mabuku osatuluka nawo panja. CRC Handbook of Chemistry and Physics, Merck Index ndi handbook ya Perry ya a Chemical Engineering zimakhala kumeneko. Ngakhale bukulo litakhala lakale, musalinyoze. Kutentha kumene naphthalene imasungunukira sikunasinthe chisindikizire bukulo.

Buku la m'kalasi likakhala kuti anzanu abwereka onse, OpenStax ya ku Rice University ili ndi buku lathunthu la Chemistry ya chaka choyamba laulere, ndipo LibreTexts ili ndi maphunziro mpaka a zaka zomaliza.

Chinthu chimodzi ndikuchipeza ndi mayina osiyanasiyana. Ndidziwa bwanji kuti ndi chomwecho?

Funso ili ndi lalikulu kuposa onse, ndipo ndikanakonda wophunzira aliyense atalimvetsa chaka choyamba chisanathe. Kemikolo imodzi imatha kukhala ndi dzina la m'sitolo, dzina la tsiku ndi tsiku, dzina lotsatira malamulo a IUPAC (bungwe la dziko lonse loika malamulo a mayina a makemikolo), ndi kalembedwe kosiyana pakati pa Britain ndi America. Paracetamol yomwe timagula pa golosale ku America amaitcha acetaminophen. Ena amalemba sulphur, ena sulfur. Ena aluminium, ena aluminum. Caffeine wa m'masamba a tiyi mudzamupezanso ngati 1,3,7-trimethylxanthine, ndipo m'mabuku akale a tiyi ngati theine. Mukasaka ndi dzina limodzi lokha, mapepala ambiri amakudutsani.

Chothetsa chisokonezochi ndi CAS Registry Number. Bungwe la Chemical Abstracts Service, lomwe ndi nthambi ya American Chemical Society, linayamba kupereka manambalawa mu 1965, ndipo amagwira ntchito ngati nambala ya pa chiphaso cha unzika: mayina angachuluke, nambala ndi imodzi. Ya caffeine ndi 58-08-2, ya paracetamol ndi 103-90-2, ya madzi ndi 7732-18-5.

Nambala imodzi ya kumapeto kwa CAS Registry Number iliyonse ndi yoyesera ngati mwakopera bwino. Tengani 58-08-2. Siyani 2 wakumapetoyo, muyambire kumanja: 8 kuchulukitsa ndi 1, 0 ndi 2, 8 ndi 3, 5 ndi 4. Mupeza 8, 0, 24 ndi 20, zomwe pamodzi ndi 52. Nambala yomaliza ya 52 ndi 2, ndiye kuti mwalemba zolondola.

Kufunika kwake kumaonekera pa sikelo mulabu. Copper sulfate wopanda madzi, woyera uja, ndi 7758-98-7 ndipo molar mass yake ndi 159.6. Wa mtundu wa buluu, amene ali m'mabotolo ambiri, ndi pentahydrate, 7758-99-8, molar mass 249.7. Mukatenga nambala ya woyerayo n'kuyeza magalamu 159.6 a wabuluu, muli ndi pafupifupi 0.64 mol basi, osati 1 mol, ndipo zotsatira zonse za tsikulo zapita padera. Werengani nambala ya pa botolo, muifananize ndi ya pa kompyuta.

Ndi ma database ati aulere amene ndingawadalire?

Yambani ndi PubChem, ya boma la America kudzera ku National Institutes of Health, yomwe inakhazikitsidwa mu 2004 ndipo ili ndi makemikolo oposa 100 miliyoni. Lembanimo caffeine muone: ikupatsani chithunzi cha molekyu, fomula C8H10N4O2, molar mass 194.19, mayina ena onse, kasungunukidwe, kuopsa kwake, ndi mapepala amene akumutchula. Pansi pa nambala iliyonse pamakhala kumene yachokera. Kumeneko n'kofunika kukuona, chifukwa PubChem imasonkhanitsa kuchokera m'malo ambiri ndipo nthawi zina mupeza manambala awiri osiyana pang'ono pa chinthu chimodzi. Ngati dzina simukulidziwa koma kapangidwe ka molekyu mukukadziwa, mutha kujambula momwemo n'kusaka ndi chojambulacho.

ChemSpider ya Royal Society of Chemistry imagwira ntchito yofanana. CAS Common Chemistry ndi yabwino potsimikiza manambala a CAS. Pa za thermochemistry, IR ndi mass spectra pitani ku NIST Chemistry WebBook, ndipo pa NMR pali SDBS ya bungwe la AIST ku Japan. Matanthauzo ovomerezeka a mawu ali mu IUPAC Gold Book. Ofuna njira zopangira makemikolo a organic, Organic Syntheses ndi yaulere, ndipo ubwino wake ndi wakuti njira iliyonse imabwerezedwa kaye mulabu ina isanasindikizidwe.

Ndapeza pepala lomwe ndikulifuna, koma akuti ndilipire madola. Nditani?

Musalipire, ndiponso musataye mtima. Pali makomo angapo oti mugogode.

Loyamba ndi Research4Life. Malawi ali m'gulu la mayiko amene mayunivesite ndi malo a kafukufuku olembetsedwa amawerenga kwaulere. Ili ndi zigawo: Hinari ya zaumoyo yomwe WHO inayambitsa mu 2002, AGORA ya zaulimi ya FAO ya mu 2003, OARE ya zachilengedwe ya mu 2006, ARDI ya sayansi ndi luso la m'mafakitale ya mu 2009, ndi GOALI ya zamalamulo. Palibe chigawo cholembedwa kuti Chemistry, n'chifukwa chake ophunzira ambiri amaganiza kuti si yawo. Chemistry yamwazikana monsemo: ya mankhwala ndi biochemistry mu Hinari, ya zakudya, nthaka ndi feteleza mu AGORA, ya madzi mu OARE. Njira yolowera amapereka ndi a laibulale, ndipo ndi ya anthu a pa sukulupo okha. Kuitumiza m'magulu a WhatsApp kungachititse kuti sukulu yonse itsekeredwe, ndiye chonde isungeni.

Lachiwiri ndi zimene laibulale yalipirira. Malaibulale a m'Malawi anagwirizana mu 2003 kupanga MALICO kuti azigula limodzi mwayi wowerenga magazini a pa intaneti. Mndandanda wake umasintha chaka ndi chaka, choncho funsani wa chaka chino. Zambiri mwa izi zimatseguka mukakhala pa netiweki ya pasukulu, osati pa bandulo ya foni yanu.

Lachitatu ndi makope aulere ovomerezeka. Mu Google Scholar dinani pomwe alemba All versions pansi pa mutu wa pepala. Ikaninso Unpaywall pa browser. Imaonetsa loko wobiriwira ngati kope laulere lilipo penapake. ChemRxiv, yomwe inayamba mu 2017, imasunga mapepala asanasindikizidwe, kungoti ambiri amakhala asanaunikidwe ndi akatswiri ena. Chemical Science, ACS Central Science ndi Beilstein Journal of Organic Chemistry ndi magazini apamwamba owerenga ulere.

Lomaliza ndi limene anthu amachita nalo manyazi popanda chifukwa: kulembera mwini pepala. Imelo yake imakhala patsamba loyamba. Mizere itatu yaulemu, yonena dzina lanu, sukulu yanu ndi pulojekiti yanu, imakwanira. Ofufuza ambiri amasangalala kumva kuti wina ku Thyolo akufuna kuwerenga ntchito yawo.

Ndikudziwa kuti pali masamba amene amagawa mapepala mwakuba. Sindingakutumizeni kumeneko, chifukwa ndi kuphwanya malamulo a umwini wa zolemba, ndipo njira zili pamwambazi zimakupezetsani zochuluka.

Aphunzitsi athu amatchula SciFinder ndi Reaxys. Kodi popanda zimenezi kafukufuku angatheke?

Angatheke. Ziwirizi ndi ma database olipira, amphamvu posaka ma reaction, koma ndi odula kwambiri. Pa pulojekiti ya digiri yoyamba, PubChem, Google Scholar, PubMed ndi Research4Life zimakwanira. A Chemical Engineering awonjezerepo ma patent, omwe ndi aulere pa Espacenet, Patentscope ndi Google Patents. Mmenemo mumakhala tsatanetsatane wa kapangidwe ka zinthu m'fakitale amene simungamupeze m'magazini.

Pulojekiti yanga ndi ya zakuno, tiyi kapena miyala ya m'phiri la Mulanje. Kodi zilipo zolembedwa?

Zilipo zambiri kuposa mmene mukuganizira. Tiyi walimidwa ku Mulanje kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenako anafikanso ku Thyolo, ndipo Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa ku Mulanje yakhala ikufufuza za mbewuyi kwa zaka zambiri. Mu 1972 ofufuza a kumeneko anasindikiza mu Journal of the Science of Food and Agriculture zosonyeza kuti kuchuluka kwa theaflavin mu tiyi kumayenderana ndi mtengo wake pamsika, ndipo ofufuza a tiyi m'mayiko ena akutchulabe ntchito imeneyi. Theaflavin ndi thearubigin zimapangika masamba akaphwanyidwa m'makina, enzyme ya polyphenol oxidase ikakumana ndi ma catechin pali mpweya. N'zimene zimapatsa tiyi wakuno kufiira kumene ogula amakufuna.

Posaka, gwiritsani mawu a m'fakitale ndi a m'labu omwe. Gawo limene m'fakitale amati fermentation, mapepala ena amati oxidation kapena aeration. Onjezani Camellia sinensis, dzina la sayansi la tiyi, kapena CTC ndi LTP, mitundu ya makina ophwanyira masamba. Poyeza ma polyphenol pali muyezo wa ISO 14502, ndipo ISO 3720 imalongosola zofunika pa tiyi wakuda.

China chimene chimabisa zolembedwa zakale ndi kalembedwe ka mayina a malo. Dziko lisanalandire ufulu mu 1964 linkalembedwa Nyasaland, ndipo kwa nthawi yaitali Thyolo inkalembedwa Cholo, Mulanje n'kumalembedwa Mlanje. Wofufuza za bauxite wa pa Lichenya, amene anadziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1920, akalemba Mulanje yekha saona malipoti akale. Lembani Mulanje OR Mlanje, Malawi OR Nyasaland. Malipoti ambiri a miyala ndi a Geological Survey Department ku Zomba, ndipo ena muyenera kukawaona ndi maso kapena kuwapempha kudzera ku laibulale.

African Journals Online, AJOL mwachidule, ili ndi magazini a mu Africa, kuphatikizapo Malawi Journal of Science and Technology, Malawi Medical Journal ndi Bulletin of the Chemical Society of Ethiopia. Musaiwalenso ma dissertation a amene anakutsogolerani. Mwa iwo mumaona zimene zinatheka ndi zipangizo zomwe inunso muli nazo.

Ndikufufuza mtengo umene agogo amagwiritsa ntchito ngati mankhwala, koma ndikudziwa dzina la Chichewa lokha.

Pezani kaye dzina la sayansi, apo ayi simupita patali. Nimu ndi Azadirachta indica, chammwamba ndi Moringa oleifera, gondolosi ndi Mondia whitei, masuku ndi Uapaca kirkiana, mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndi Widdringtonia whytei. Koma samalani, chifukwa dzina limodzi limatha kutchulira mitengo iwiri m'madera osiyana, ndipo kuno ena akupatsani la Chilhomwe kapena Chimang'anja. Tengani nthambi yokhala ndi masamba, ndi maluwa kapena zipatso ngati zilipo, akatswiri a ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba akutsimikizireni. Magazini abwino amafuna nambala ya chitsanzo chosungidwa ku herbarium. Kenako onani pa Plants of the World Online ya Kew ngati mtengowo unali ndi dzina lina kale, musake ndi onse awiri pamodzi ndi mawu monga phytochemical kapena extract.

Za kuopsa kwa kemikolo ndizipeza kuti ndisanalowe mulabu?

Mu Safety Data Sheet, SDS. Makampani ambiri ogulitsa makemikolo amaika zimenezi pa intaneti kwaulere. Sakani ndi nambala ya CAS. Ili ndi zigawo 16 zosanjidwa mofanana kulikonse. Gawo 2 limanena kuopsa kwake, 4 chithandizo choyamba, 7 kasungidwe, 8 zodzitetezera, 10 zinthu zosayenera kusakanizidwa nayo, 13 katayidwe. Werengani gawo 4 ndi 10 musanatsegule botolo, chifukwa asidi akakugwerani m'maso si nthawi yosaka foni. Pa mankhwala a kumunda, a Pesticides Control Board ku Bvumbwe ndi amene amalembetsa ololedwa m'dziko muno.

Ndayeza madzi a pa mjigo. Zotsatira ndizifananize ndi chiyani?

Ndi ziwiri. Malangizo a WHO a madzi akumwa ndi aulere pa intaneti: fluoride asapose 1.5 mg pa lita, nitrate 50 mg pa lita, arsenic 0.01 mg pa lita. Koma muyezo wa dziko lino ndi wa Malawi Bureau of Standards, ndipo pali MS 214 ya madzi akumwa ndi MS 733 ya madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Malire ake ena amasiyana ndi a WHO, ndiye m'lipoti mwanu nenani momveka kuti mwagwiritsa uti. Zikalata za MBS zimagulitsidwa. Yambani mwafunsa ngati laibulale kapena dipatimenti ili ndi kope. Onetsetsaninso ngati makina anu akupereka nitrate kapena nitrate-nitrogen, popeza 50 mg ya nitrate ndi pafupifupi 11 mg ya nitrate-nitrogen, ndipo apa ambiri amasokoneza.

Kodi ndingagwiritse ntchito ChatGPT ndi zinzake?

Pofuna kuti zikulongosolereni mfundo m'njira ina, kapena zikupatseni mawu ena osakira, zimathandiza. Pa manambala ndi pa mndandanda wa mapepala, musazikhulupirire musanatsimikize. Zimatha kupeka pepala lokhala ndi mutu wooneka bwino, mayina a olemba ndi chaka, koma pepalalo kulibe. Pepala lenileni lamakono limakhala ndi DOI, nambala yoyamba ndi 10. Ilembeni pa doi.org muone ngati ikutsegula mutu womwewo. Nambala iliyonse ya Chemistry imene mwapatsidwa itsimikizeni pa PubChem, NIST kapena mu handbook. Funsaninso aphunzitsi anu zimene amalola pa kosi yawo.

Ndingadziwe bwanji journal yachinyengo?

Imakulemberani imelo yokutamandani musanaifunse, imalonjeza kusindikiza m'masiku ochepa, ndipo ndalama imazitchula pepala litavomerezedwa kale. Onani ngati ili mu DOAJ, mndandanda wa magazini owerenga ulere ounikidwa, kapena mu AJOL, mutsatenso mafunso a pa tsamba la Think. Check. Submit. Zimandipweteka kuona ntchito yabwino ya miyezi yambiri, munthu atatungira madzi m'midzi n'kuwayeza mosamala, ikukathera m'magazini imene palibe angaiwerengere. Mukakayika, bwerani nayo tione limodzi musanatumize kalikonse.

Netiweki imavuta ndipo bandulo ndi yodula. Pali nzeru yanji?

Konzekerani musanalumikize. Lembani mawu osakira papepala, werengani abstract musanatsitse PDF, ndipo zimene mwatsitsa zisungeni pa fulashi ndi malo ena achiwiri. Fayilo iliyonse ipatseni dzina la wolemba ndi chaka. Mabuku a OpenStax ndi malangizo a WHO atsitseni kamodzi pa Wi-Fi ya pasukulu, muziwerenga ngakhale magetsi atazima kapena muli kumudzi. M'mamawa anthu asanachuluke netiweki imakhala yopepukirapo.

Ndilembe bwanji mndandanda wa zimene ndawerenga?

Funsani supavayiza wanu kalembedwe kamene dipatimenti imafuna; ku Chemistry kawirikawiri ndi ka American Chemical Society (ACS) kapena ka Royal Society of Chemistry (RSC), ena amafuna APA kapena Harvard. Ikani Zotero pa laputopu tsiku lomwe mwayamba pulojekiti. Ndi yaulere, imatenga zonse za pepala mukangoipatsa DOI, ndipo imasanja mndandanda mu Word. Nambala yochokera mu database nayonso imafuna kutchulidwa kumene yachokera ndi tsiku limene munaiona.

Ine si wophunzira pa yunivesite. Ndimaphunzitsa kusekondale, kapena ndimagwira mulabu ya fakitale. Izi zikundikhudza?

PubChem, NIST, SDBS, OpenStax, LibreTexts, DOAJ, ma patent, ma SDS ndi mapepala ambiri a pa AJOL ndi za aliyense amene ali ndi intaneti. Research4Life ndi zogulidwa kudzera ku MALICO zili ndi malire a amene angazigwiritse ntchito. Za kulowa mulaibulale ngati mlendo, laibulale iliyonse ili ndi malamulo ake, ndiye lembani kalata kapena imbani kaye musanakwere minibasi kuchokera ku Luchenza kapena ku Chitakale.

Ndikamabwera kudzapempha thandizo nditenge chiyani?

Mutu wa pulojekiti monga anauvomerezera supavayiza, mayina a makemikolo kapena zomera zimene mukugwira nazo ntchito ndi manambala a CAS ngati mwawapeza, mawu amene mwayesa kale kusaka nawo, ndi pepala limodzi lomwe mukuona kuti lili pafupi ndi zimene mukufuna, ngakhale likhale lakale. Kuchokera pa pepala limodzilo timadina Cited by mu Google Scholar n'kupeza amene analitchula pambuyo pake. Tiuzeninso tsiku loperekera ntchito, ndipo bwerani kukadali masabata angapo, chifukwa pepala lopempha kwa mwini wake kapena lipoti lochokera ku Zomba silifika tsiku lomwelo.